Bedi la ndiwo ku Kuku liyambire pamwamba pa mzere wa madzi

Munthu akayenda m'komboni ya Kuku m'mwezi wa Meyi, mvula itangotha, amaona mzere wakuda wopingasa pamakoma a nyumba zambiri. Pena mzerewo uli pamsinkhu wa akakolo, pena wafika m'mawondo. Apo ndi pamene madzi a dzinja anaima, ndipo m'malo ena anaima kwa masabata. Okhala m'nyumbazo amaudziwa bwino mzerewo, chifukwa ndi umene umawauza kuti bedi logonapo alikweze ndi mabuloko angati, ndi kuti thumba la ufa aliike pati. Mlimi amene akufuna kulima ndiwo zamasamba pakhomo m'dera limeneli ayenera kuuwerenga asanagwire khasu, pakuti ndiwo muyeso woyamba wa dimba lake.

Mfundo yanga ndi yakuti ku Kuku, ndi m'makomboni ofanana nayo monga Misisi, Chawama ndi Kanyama, dimba la pakhomo liyenera kukhala la mabedi okwezedwa, ndipo dothi limene mizu ikukhalamo liyambire pamwamba pa mzere wa madzi. Ndiwonjezeranso kuti dzina lakuti ulimi wachilengedwe silingateteze banja pa lokha. Munthu angathe kukana feteleza ndi mankhwala onse a m'sitolo, koma n'kudyetsa ana ake repu wothiriridwa madzi a chitsime chimene chili mapazi khumi kuchokera pachimbudzi. Repu ameneyo ndi wachilengedwe ndithu, komabe angagoneke mwana m'chipatala. M'komboni yosefukira, luso la mlimi limaonekera pa zinthu zitatu: kutalika kwa bedi, zimene wadzazamo, ndi madzi amene akuthirira.

Nkhaniyi ikukhudza ambiri mwa inu kuposa mmene mungaganizire muli m'kalasi. Wophunzira ulimi amalota munda waukulu ku Chongwe, ku Mumbwa, kapena kwawo ku Petauke ndi ku Katete, ndipo ena amaupezadi. Koma alipo ochuluka amene akalandira satifiketi amabwerera m'chipinda cha lendi mu Lusaka, kumadikira tsiku limene adzapeze malo, ng'ombe ndi pampu. Pa nthawi yodikirayo makope a maphunziro amachita nkhungu m'katoni, ndipo ndiwo za tsiku ndi tsiku amagula pakantemba ngati munthu amene sanaimepo pafupi ndi mulu wa kompositi. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi uliwonse limawerengera mtengo wa zofunika pabanja la anthu asanu, linapeza m'chaka cha 2024 kuti mu Lusaka mtengowo wapitirira K10,000 pamwezi. Pamene zinthu zafika apa, luso lolima ndiwo silofunika kulisungira munda wa m'maloto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimene chili pansi pa Kuku

Kuti timvetse chifukwa chokwezera bedi, tiyambe tayang'ana nthaka. Mbali ya kumwera ndi ya kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka inamangidwa pamwamba pa thanthwe la laimu. Thanthwelo lili pafupi kwambiri, mwakuti m'mabwalo ena limaonekera poyera, ndipo dothi la pamwamba pake ndi lochepa. Lili ndi ming'alu ndi mphako zimene madzi amayendamo mofulumira popanda kusefedwa ndi dothi. Malowo ndi athyathyathya, madzi alibe kotsikira. Lusaka imalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pachaka, ndipo yochuluka imagwa pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Ikafika pachimake, madzi a pansi pa nthaka amakwera mpaka kukumana ndi a pamwamba, maenje akale okumbamo miyala a ku Misisi amadzaza, ndipo zimbudzi zokumba zimatulutsa zimene zinameza. M'chaka cha 2010 mabanja ambiri a m'makomboni osefukira anasamutsidwira m'matenti pa Independence Stadium. Ngalande zimakumbidwa ndi kutsukidwa, ndipo zimathandiza, koma madzi saiwala khwawa.

Zotsatira zake tonse tikuzikumbukira. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha, ndipo boma linakwirira zitsime zosazama m'makomboni chifukwa madzi ake anapezeka odetsedwa. Mliri wina unayamba mu Okutobala 2023. Umenewo unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Madzi amene amanyamula matendawa ndi omwewo amene amaima m'bwalo la nyumba mmene munthu akufuna kudzala ndiwo.

Bedi la pansi m'bwalo lotere limaonongeka m'njira zitatu. Choyamba, mizu imafuna mpweya. Dothi likamira kwa masiku awiri kapena atatu, matimati amafota ngakhale aima m'madzi, ndipo repu amachita chikasu n'kuvunda patsinde. Chachiwiri, madzi osefukira amasiya tizilombo ta m'mimba pamasamba, ndipo mazira a njoka za m'mimba amakhala amoyo m'dothi kwa miyezi yambiri, ena kwa zaka. Chachitatu, dothi la m'bwalo la komboni kawirikawiri si dothi la munda. Pofuna kukweza bwalo, anthu akhala akuthiramo zibuma, phulusa, zinyalala zotenthedwa pamodzi ndi mapulasitiki, mabatire akutha ndi oilo wakuda wa galimoto. Mzinda wa Kabwe unatiphunzitsa kuti chiphe cha m'dothi sichichoka msanga: mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akuvutika ndi fumbi lake. Kuku si Kabwe, koma phunziro ndi limodzi, lakuti dothi limene sudziwa mbiri yake usalipatse ntchito yodyetsa ana.

Kukweza dothi si nzeru yachilendo

Ena amaona mabedi okwezedwa ngati kachitidwe ka m'mayadi a anthu olemera, kokongoletsera pakhomo. Mbiri ya ulimi wathu ikutsutsa zimenezi. M'madimba a m'dambo ku chigawo cha Kum'mawa, alimi akhala akuunda mabedi aatali kuti mizu isamire. Mbatata timaidzala pamitumbira pa chifukwa chomwecho. Amambwe a ku Mbala ali ndi njira yotchedwa fundikila: amakwirira udzu m'milu ya dothi kumapeto kwa dzinja kuti uvunde, ndipo milu imeneyo imakhala nkhokwe ya chonde. Pamenepo pali kale mfundo ziwiri za bedi lokwezedwa, kukweza mizu ndi kudyetsa dothi ndi zovunda.

Mizinda ya kunja nayonso inafika pa nzeru yomweyi itapanikizika. Dziko la Soviet Union litagwa mu 1991, Cuba inasowa feteleza ndi mafuta, ndipo anthu a ku Havana anamanga timakoma tatifupi pamalo a miyala ndi zibuma, n'kudzazamo dothi ndi manyowa ochokera kwina. Minda imeneyo, yotchedwa organopónicos, inadyetsa mzindawo ndiwo zamasamba pa nthawi ya njala. Ku Kibera, mu Nairobi, kumene malo ndi ochepa kuposa a ku Kuku, mabanja amalima masamba m'masaka oimika odzaza dothi. Kuno kwathu, sukulu ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene inayamba mu 1974 ndipo inatembenukira ku ulimi wachilengedwe cha m'ma 1990 motsogozedwa ndi Brother Paul Desmarais, yaonetsa kuti kompositi ndi manyowa a zomera zingadyetse dothi la Zambia popanda feteleza. Chimene chatsala ndi kutengera luso limenelo m'bwalo la mamita atatu, lokhala ndi chimbudzi pakona.

Muyeso wa bedi

Yambani ndi kuyeza kutalika kwa mzere wa madzi pakhoma loyandikana ndi pamene mukufuna kuika bedi, ndipo mufunse amene akhala pamalopo zaka zambiri ngati pali chaka chimene madzi anapitirira apo. Sankhani malo amene dzuwa limafika kwa maola asanu ndi limodzi, kutali ndi chimbudzi ndi bafa mmene bwalo likulolera, ndiponso osati pansi pa malata pamene madzi a padenga amagwera. M'lifupi bedi lisapitirire mita 1.2, kuti dzanja lifike pakati kuchokera mbali zonse ziwiri popanda kuponda dothi. M'litali mamita 3 ndi okwanira poyamba.

Tinene kuti mzere uli pa masentimita 25. Pansi pa bedi muike miyala yoswa kapena zidutswa za mabuloko mpaka masentimita 30, kuti madzi akabwera adutse pansi osakhudza dothi. Miyala yotere siisowa m'dera lino, pakuti amayi ambiri amaiswa ndi kuigulitsa m'mbali mwa msewu. Pamwamba pa miyala yalani masaka kuti dothi lisatsikire m'mipata, kenako ikani dothi la masentimita 30, limene ndi lokwanira mizu ya ndiwo zamasamba. Bedi lonse likhala la masentimita 60, kutanthauza mizere itatu ya mabuloko. Buloko limodzi ndi lalitali pafupifupi masentimita 40, choncho mzere umodzi wozungulira bedi ufuna mabuloko 22, ndipo mizere itatu ifuna 66. Simenti siifunika. Sanjani mabulokowo molumikiza ngati womanga nyumba, mukhomere zikhomo m'mabowo ake ndi kudzazamo timiyala kuti khoma lisatupe. Mabuloko othyoka, amene owumba amagulitsa motchipa, amagwira ntchito yomweyo.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kukhala khoma la bedi ngakhale zitapezeka zaulere. Malata akale a asibesitosi akathyoka amatulutsa fumbi loononga mapapo. Mitengo yonyikidwa m'mankhwala akuda, monga mapolo a magetsi ndi mitanda ya njanji, imatulutsa chiphe m'dothi. Migolo imene munali oilo kapena mankhwala a m'fakitale isakhale mphika wa ndiwo. Ndipo pamene mzere wa madzi wafika m'chiuno, musalimbane nawo ndi mabuloko; ikani masaka kapena mabeseni oboola pathandala lolimba, kapena vomerezani kuti dimba lanu ndi la Epulo mpaka Novembala basi.

Zodzaza m'bedi

Dothi la bedi la muyeso umenewu ndi malita 1,080. Pa wilibala ya malita 60, ndiwo mawilibala 18: 12 a dothi la pamwamba lochokera kumunda wodziwika, ndi 6 a kompositi wopsa bwino. Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amafupikitsa njira. Amakweza khoma bwinobwino, kenako n'kukumba dothi la m'ngalande kapena la padzala n'kudzazamo chifukwa ndi lakuda. Akatero amakhala atanyamula ndi manja awo chinthu chimene khomalo linamangidwira kuti chisalowe. Posankha dothi la kumunda, pewani pamene panali matimati chaka chathachi, kuti musabweretse tizilombo totupitsa mizu.

Zopangira kompositi m'komboni zilipo zambiri kuposa kumudzi. Pamsika wa Chawama ndi wa Soweto masamba akunja a kabichi, makoko a nthochi ndi zotsala za chimanga chachiwisi zimatayidwa tsiku lililonse. Oweta nkhuku m'mayadi amasowa kotaya zitosi zosakanizika ndi utuchi. Sankhanimo mapulasitiki ndi magalasi, muunjike mulu wa mita imodzi mbali zonse, mukusinthanitsa zouma ndi zaziwisi, ndipo muunyowetse monga chinkhupule chofinyidwa. Mulu wabwino umatentha mpaka madigiri 55 kapena kupitirira, ndipo kutentha kumeneko kukakhala masiku angapo kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Zikani ndodo pakati pa mulu. Ikatuluka yotentha yosagwirika bwino, ntchito ikuyenda. Tembenuzani mulu kuti za m'mbali zilowe pakati, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu kompositi amakhala wakuda, wofumbutuka, wonunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango. Mulu umenewunso uyenera kupangidwa m'chilimwe kapena pamalo okwera, chifukwa kompositi womizidwa ndi madzi a chimbudzi wataya ukhondo wake.

Zitosi zaziwisi zisathiridwe pa ndiwo zimene zikukula. Zimatentha mizu, ndipo zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Ngakhale ku America, lamulo la ulimi wachilengedwe limafuna kuti papite masiku 120 kuchokera pothira manyowa aawisi kufikira pokolola mbewu imene gawo lodyedwa limakhudza dothi, ndi masiku 90 pa mbewu zina. Repu amayamba kuthyoledwa patangopita masabata anayi kapena asanu chimuwokereni, choncho masiku amenewo sangakwane. Njira ndi imodzi yokha, kuti zitosi zidutse kaye m'mulu wa kompositi. Phulusa la pambaula nalonso lithiridwe pang'ono chabe. Madzi a m'zitsime za Lusaka ali kale ndi laimu wambiri, ndipo phulusa likachuluka masamba amayezuka chifukwa mizu imalephera kuyamwa zakudya zina.

Madzi othirira

Apa ndi pamene bedi lokwezedwa lili ndi chofooka chake, ndipo sitiyenera kuchibisa. Dothi lokwezedwa limauma msanga kuposa la pansi. Bedi la mita 1.2 ndi mamita 3 limafuna pafupifupi malita 18 patsiku m'kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala, ndiko kuti chigubu chimodzi cha malita 20. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi theka la chigubu limakwana. Ku Kuku madzi a pampopi amagulidwa pa chigubu, ndipo amafunika kuimira mzere. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri, ndipo mapampu a madzi nawonso anali kuima. Pa masiku otero chiyeso chotunga m'chitsime chosazama chimakula, chifukwa madzi ake ndi aulere ndipo amaoneka oyera. Kuyera kwa maonekedwe sikunena kanthu. Thanthwe la ming'alu limalumikiza chitsime ndi chimbudzi pansi pamene maso saona.

Yankho ndi kuchepetsa ludzu la bedi ndi kugwiritsa ntchito kawiri madzi abwino amene alowa kale m'nyumba. Phimbirani dothi ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza kuti dzuwa lisalimenye. Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, patsinde osati pamasamba. Botolo la pulasitiki loboola timabowo, lokwiriridwa pakati pa mbewu, limafikitsa madzi kumizu pang'onopang'ono. Madzi otsukira mpunga, nyemba ndi ndiwo, ndi omaliza otsukuluzira mbale, apite kubedi tsiku lomwelo. Madzi ochapira matewera, a m'bafa ndi okhala ndi sopo wamphamvu kapena jiki asayandikire. M'dzinja tcherani mgolo wovundikira pansi pa malata, mutataya madzi a mvula yoyamba amene amatsuka fumbi la padenga. Ngati zonsezi sizikukwanira mabedi awiri, limani limodzi. Bedi limodzi lothiriridwa madzi abwino limaposa atatu othiriridwa madzi okayikitsa.

Zodzala ndi zoteteza

Malo ochepa amafuna mbewu zothyola kambirimbiri. M'miyezi yozizira repu, tchainizi, mpiru ndi chomoliya zimakondwa. Pa mpata wa masentimita 30, bedi limalowa mizere 4 ya mbewu 10, zonse pamodzi 40. Mukathyola masamba awiri pa mbewu iliyonse pa sabata, ndiwo masamba 80. Kukatentha ndi m'dzinja, ndiwo zathu ndizo zimapirira: bondwe amathyoledwa patangopita masabata atatu kapena anayi chifesereni, kalembula amamera kuchokera ku kamtsitsi kopempha kwa mnansi, ndipo chibwabwa chingadzalidwe pakona n'kuyangitsidwa pampanda kuti chisagwere pansi. Mbewu zimenezi zimapereka njere kapena mphukira zake zokha, choncho simubwerera kusitolo. Kabichi wamutu amatenga malo kwa miyezi itatu n'kukololedwa kamodzi. Msiyireni mlimi wa ku Chongwe. Musabwereze repu, tchainizi ndi mpiru pamalo amodzi mosalekeza, pakuti ndi banja limodzi ndipo matenda awo ndi amodzi. Lowetsani nyemba kapena khobwe pakati kuti dothi lipume.

Pa mbewu 40 mankhwala oposa onse ndi maso ndi zala. Tembenuzani masamba m'mawa uliwonse, muphwanye nsabwe ndi kuchotsa mbozi zisanachuluke. Zikakula mphamvu, madzi a masamba a nimu, kapena a tsabola ndi adyo othira sopo pang'ono, amathandiza, koma mudikire masiku angapo ndi kutsuka bwino musanadye. Anyezi odzalidwa m'mbali mwa bedi satenga malo ambiri ndipo amapita mumphika womwewo. Mdani wamkulu m'komboni ndi nkhuku za mnansi, ndipo mpanda wa masaka kapena wa bango umathetsa mlandu usanayambe.

Pali lamulo limodzi lowawa. Chaka chimene madzi apitirira muyeso wanu n'kukwera pamwamba pa bedi, masamba onse amene amizidwa azulidwe ndi kutayidwa. Asadyedwe, asagulitsidwe, asapatsidwe mnansi. Dothi la pamwamba lichotsedwe, lotsalalo liume padzuwa kwa masabata, liwonjezeredwe kompositi watsopano, ndipo khoma likwezedwe ndi mzere wina wa mabuloko. Kutaya repu wobiriwira pamene m'nyumba mulibe ndiwo si chinthu chapafupi. Koma mlimi wophunzira amasiyana ndi wongoyesa pa chosankha chimenechi.

Zimene otsutsa amanena

Wina adzati zonsezi ndi kuchulutsa gaga m'diwa, pakuti ndiwo timaphika ndipo moto umapha tizilombo. Zoona, kuphika bwino kumapha. Koma tsamba lisanafike mumphika limadutsa m'manja, pampeni, m'beseni ndi pathebulo pamene pali kapu ya mwana. Matimati ndi anyezi nthawi zina amadyedwa osaphika. Ana amasewera ndi dothi la m'bedi n'kuika zala m'kamwa. Ndipo chiphe cha mabatire ndi oilo sichiphikika.

Wina adzati mtengo wa mabuloko, miyala ndi dothi ungagule ndiwo za miyezi ingapo. Izinso n'zoona, ndipo banja limene likudya kamodzi patsiku silingayambire pa mabuloko 66. Koma ndalamayo imatuluka kamodzi, pamene ya ndiwo imatuluka tsiku ndi tsiku. Wosakwanitsa ayambe ndi masaka awiri oikidwa pamwamba pa mabuloko anayi, pakuti mfundo yake ndi yomweyo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndiponso inu amene munamaliza maphunziro n'kupeza minda kunja kwa mzinda muli ndi gawo lanu. Galimoto imene ikubweretsa matimati anu ku Soweto ingathe kunyamulanso masaka angapo a dothi labwino ndi kompositi a mnzanu wa m'kalasi amene ali ku Kuku, ndipo iye angakusonkhanitsireni zitosi za nkhuku za m'komboni zobwerera nazo.

Chotsutsa champhamvu koposa ndi cha malo. Ambiri ku Kuku ndi alendi, bwalo ndi la mabanja angapo, ndipo eni nyumba angakweze lendi kapena kukutulutsani mbewu zili pakati. N'chifukwa chake ndikulimbikitsa khoma lopanda simenti: tsiku losamuka mabuloko amapasulidwa, dothi limalowa m'masaka, dimba limakwera pawilibala pamodzi ndi mipando. Musanayambe, khalani pansi ndi eni nyumba ndi anzanu a pabwalo, mugwirizane za malo, za madzi ndi za amene adzathyole. Mtolo wa repu wopita kwa eni nyumba Loweruka lililonse ndi lendi yotchipa ya malo a dimba, ndipo mayi wa chipinda choyandikana amene amadyako ndiye mlonda wabwino kuposa loko.

Tisalonjezenso zopitirira. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Pa akuluakulu asanu, amenewo ndi makilogalamu 2 tsiku lililonse, ndipo bedi limodzi silingafike pamenepo. Silingalowenso m'malo mwa ngalande, zimbudzi zomangidwa bwino ndi mipopi yokwanira, zimene anthu a ku Kuku ayenera kupitiriza kufunsa kwa khonsolo ndi kwa kampani ya madzi. Chimene bedi lingachite ndi kuika ndiwo zodziwika chiyambi chake pambale masiku angapo pa sabata, kusunga ndalama zochepa zimene zikanapita pakantemba, ndi kusunga luso m'manja mwa mlimi kufikira tsiku limene adzapeze munda. Amene wasamala mbewu 40 kwa zaka ziwiri, akudziwa kupsa kwa kompositi ndi kuyeza madzi, sadzasokonezeka pa hekitala.

Kwa inu amene mukadali pa maphunziro, ndikupempha kuti musanachoke mumange bedi limodzi lotere ndi manja anu, kuyambira pamiyala mpaka pa zophimbira, ndipo mulembe m'kope mabuloko, mawilibala ndi zigubu zimene lafuna. Mulembenso masamba amene mwathyola sabata iliyonse, kuti mukadzauza mnansi wa ku Kuku za phindu lake mudzanene zimene munayeza. Kwa inu amene muli kale m'komboni, nthawi yabwino yoyambira ndi pamene mvula yatha: Epulo ndi Meyi muunjike kompositi ndi kusonkhanitsa miyala, Julayi mudzaze bedi ndi kuwokera repu, ndipo pofika Novembala mukhale mutaona ngati khoma likufuna mzere wina wa mabuloko mvula isanagwe. Mukamaliza lanu, thandizani banja loyandikana nalo kuyeza lawo, pakuti nkhuku, madzi ndi ana a pabwalo sadziwa malire a chipinda.